Usanagogode pa Khomo la Osindikiza Mabuku

Wamaliza kulemba buku lako, mwana wanga? Ndakondwa. Tsopano litseke, uliike m'kabati. Usalitumize lero. Usalitumize mawa. Mwezi uno wonse usalitumize.

Ndikudziwa chimene chikukuyabwa. Tsiku limene munthu walemba mawu otsiriza, mutu umazungulira. Umadzimva kale ukuyankhula pa wailesi, umaona kale ana a sukulu akuloweza dzina lako pokonzekera mayeso. Tsiku limenelo ndiye loipitsitsa kutumiza buku. Mkonzi amawerenga kamodzi. Kamodzi kokha. Akalikana, sadzalitsegulanso chifukwa choti wamulembera kuti, "Pepani bwana, ndakonza mutu wachitatu, nali lina." Choncho lisiye ligone milungu ingapo, kenaka uliwerenge mokweza, wekha m'chipinda, cholembera chili m'manja. Ukatero ulipereke kwa anthu awiri kapena atatu okonda kuwerenga. Amayi ako ayi, adzati n'lokoma asanalitsegule n'komwe. Chibwenzi chako ayi. Funa munthu wosapsatira mawu, uja angakuuze pamaso kuti atafika pa tsamba 40 tulo tidamugwira. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo sunga kope. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mu 1957 Chinua Achebe, ali mnyamata wogwira ntchito pa wailesi ku Lagos, adatenga zolemba zake za pamanja za Things Fall Apart, kope lokhalo limene adali nalo, n'kuzitumiza pa positi ku kampani ina yotaipa ku London. Ndalama adalipiriratu. Miyezi idapita, kuli zii. Chidamupulumutsa n'chakuti bwana wake, Angela Beattie, ankapita kutchuthi ku England, ndipo adakafika pa ofesiyo n'kukawazazira. Zolembazo zidali zitangotayidwa pakona. Bukulo lidatuluka ku Heinemann mu 1958, ndipo lero lamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 50. Mayi uja akadapanda kupita kutchuthi, bwenzi Okonkwo, mwini nkhani wa m'bukumo, tisakumudziwa. Iwe uli ndi foni, fulashi ndi imelo, ulibe chowiringula. Koma foni imabedwa m'minibasi, laputopu imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Dzitumizire wekha bukulo pa imelo nthawi iliyonse ukasinthamo kanthu.

Tsopano khomo. Usagogode paliponse pamene waona chitseko.

Kampani iliyonse yosindikiza ili ndi zake zimene imakonda. Kuno kwathu ambiri amadalira mabuku a sukulu, chifukwa ndiwo ali ndi msika, ndipo nthano yaitali yomwe sidalowe pa silabasi imayenda pang'onopang'ono m'sitolo. Akamazengereza nayo si nkhanza, ndi malonda. Ena amasindikiza za mpingo zokhazokha, ena za kafukufuku wa kuyunivesite. Modjaji Books ya ku Cape Town idakhazikitsidwa kuti izitulutsa zolemba za amayi, ndiye iwe mnyamata ukatumizako wangoonetsa kuti sudafufuze. Kuli Kwela Books ndi Jacana Media ku South Africa konko, kuli Cassava Republic yomwe idayambira ku Abuja mu 2006. Makampani otere nthawi zambiri amatsegula khomo lolandirira zolemba kwa kanthawi, kenaka n'kutseka. Ukatumiza atatseka, palibe amene adzaziyang'ane. Ndikufunse: kampani imene ukufuna kuti ikusindikizeyo, udawerengapo mabuku ake angati? Ngati palibe ndi limodzi lomwe, pita ku laibulale kaye. Safunsa adadya phula.

Makampani akuluakulu a ku London ndi ku New York, monga Penguin Random House ndi HarperCollins, kawirikawiri salandira buku lochokera kwa wolemba mwachindunji. Amafuna lidzere kwa ejenti. Ejenti ali ngati nkhoswe: ndiye amadziwa khomo loyenera, ndiye amakulankhulira pa zimene iwe ungachite nazo manyazi, ndipo zinthu zikadzavuta m'tsogolo ndiye amakhala pakati. Malipiro ake amachokera pa zimene wakupezera, kawirikawiri 15 peresenti, ndipo imakwera kufika cha pa 20 akagulitsa bukulo kumaiko ena kapena kuti limasuliridwe. Maina ndi makeyala awo amapezeka m'buku lotchedwa Writers' & Artists' Yearbook, lomwe lakhala likutuluka chaka ndi chaka ku Britain kuyambira mu 1906, komanso pa masamba awo a pa intaneti. Koma ngati walemba m'Chichewa, usavutike ndi ejenti wa ku London amene sangamve ngakhale moni. Kwawo kwa buku limenelo ndi kuno. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo m'chilankhulo chathu, lidatuluka mu 1933, ndipo Chingerezi chake, Man of Africa, chomasuliridwa ndi T. Cullen Young, chidachita kutsatira mu 1934. Lidayamba laima kwawo.

Ukapeza khomo, werenga zimene eni ake apempha, ndipo uchite zomwezo. Zomwezo basi. Ambiri amapempha mitu itatu yoyambirira, chidule cha nkhani yonse pa tsamba limodzi, ndi kalata yoperekezera. Itatu ndi itatu, osati isanu. Yoyambirira ndi yoyambirira, osati wachisanu ndi chiwiri chifukwa "ndi pamene payamba kukoma". Ngati kukoma kukuyambira pamenepo, buku lako likuyambira pamenepo, zam'mbuyozo dula. M'chidule ulule mathero, usabise kuti wapha mfumu ndani poganiza kuti mkonzi achita chidwi. Iye si mwana womvera nthano pamoto, akufuna aone ngati ukudziwa kumanga nkhani mpaka kuimaliza. Taipa ndi zilembo wamba, Times New Roman saizi 12, mizere yotalikirana, masamba onse akhale ndi manambala. Maluwa m'mbali mwa tsamba ayi. Chikuto chojambula msuweni wako ayi. Zithunzi za masamba a kope la sukulu zotumiza pa WhatsApp, ayi ndithu. Ndipo ngati ukulemba m'Chingerezi poyang'ana msika wa kunja, dziwa kuti nthano yaitali ya akuluakulu kumeneko imakhala ya mawu apakati pa 70,000 ndi 100,000. Ya mawu 20,000 sadzaiwerengera ngati buku lathunthu, ya mawu 300,000 adzaithawa.

Udzati izi n'zazing'ono, chachikulu ndi luso. Mvetsa. Pa tebulo la mkonzi pali mulu wa zolemba umene sangaumalize ngakhale atasiya kugona. Akamatola chimodzi, amayamba waona ngati mwini wake amamva zouzidwa. Pajatu akakutenga, mukhala limodzi chaka chathunthu kapena kuposerapo, mukukangana pa ndime ndi ndime. Munthu amene walephera kumvera pa mitu itatu, adzamvera pa masamba 300? Mkonzi amayamba wawerenga iwe, bukulo pambuyo.

Kalata ikhale yaifupi, tsamba limodzi. Ife tidaleredwa kuti sulowa m'nkhani usanafunse za ana, za odwala ndi za mvula, ndipo mwambo umenewo ndi wabwino pakhonde. M'kalata iyi moni wa mzere umodzi wakwana. Tchula dzina la munthu amene ukumulembera, ndipo ulilembe molondola. Mayi amene wagwira ntchito zaka zambiri kuti afike pampando umenewo sasangalala kuitanidwa kuti bambo. Nena dzina la buku, mtundu wake, kuchuluka kwa mawu, ndi nkhani yake m'ndime imodzi: ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Nena chifukwa chimene wasankhira iwowo osati ena. Za iwe mwini nena pang'ono, zoona zokhazokha. Ngati nthano yako yaifupi idatulukapo m'nyuzipepala kapena idapambanapo pa mpikisano, tchula. Ngati palibe, usapeke, kuyamba si mlandu.

Usadzitame. "Buku ili liposa la Achebe" ndi mawu amene mkonzi aliyense adawawerengapo, ndipo amangopukusa mutu. Usapemphetsenso. Za fizi ya mng'ono wako, za lendi, za amalume ogonekedwa kuchipatala, zisiye. Ndikudziwa kuti n'zoona ndipo zimawawa, koma ukazilemba wamuika munthu pamalo oti akakana buku aoneke ngati wakana odwala, ndipo anthu amamuthawa wowachititsa manyazi. Usaopseze. Ndaonapo makalata otha ndi mawu akuti, "Dziwani kuti ndalembetsa kale ku COSOMA, musayerekeze kundibera." Kulembetsa ku bungwe loteteza umwini wa zaluso limenelo n'kwabwino, ndipo umwini wa zimene walemba ndi wako kuyambira tsiku limene wazilemba. Koma sungapemphe malo ogona uku ukuuza mwini nyumba kuti ukumudziwa kuti ndi wakuba. Ndipo usatumize imelo imodzi kwa anthu makumi anayi, maina onse ali poyera pamwamba. Aliyense adzasiyira mnzake.

Kutumiza kwa maejenti angapo nthawi imodzi n'kololedwa, amayembekezera zimenezo, bola aliyense alandire kalata yakeyake. Wina akapempha buku lonse kapena akati akutenga, dziwitsa enawo msanga, uwapatse sabata imodzi kapena ziwiri kuti nawo anene maganizo awo. Koma ngati kampani yanena kuti ikufuna kuliona yokha, ndipo iwe wavomera, sunga mawu ako. Usalonjeze buku limodzi kwa anthu awiri. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ukatumiza, dikira. Apa ndi pamene ambiri a inu mumagwera. Ngati anena kuti amayankha pakatha miyezi itatu, miyezi itatuyo ndi yawo. Usaimbe foni. Usafunefune nambala ya mkonzi kwa mlamu wake kuti uzimutumizira moni m'mawa uliwonse. Ukakumana naye pamaliro kapena kutchalitchi, mupatse moni ngati munthu, envulopu isiye m'chikwama. Usatume amalume ako a udindo kuti akamulankhule, chifukwa ngakhale atagonja, adzakusunga kukhosi. Nthawi imene adanena ikadutsa, lemba kamodzi, mizere itatu, mwaulemu: ndidatumiza buku lakuti tsiku lakuti, ndimati ndimve ngati lidafika. Kumeneko si kuvutitsa, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma kamodzi. Akapanda kuyankhabe, yankho ndi lomwelo, pita kwina. Ena amalemberatu pa tsamba lawo kuti kukhala chete kwawo ndiko kukana.

Adzakukana. Ndikuuziretu, adzakukana, ndipo osati kamodzi. Chimene udzachite usiku umenewo ndicho chimene ndakuitanira.

Ine kalata yanga yokanidwa idabwera pa positi, yotaipidwa bwino, yodzadza tsamba mpaka kuseri. Mkonziyo adati nkhani yanga ikuchedwa kuyamba. Adati nyakwawa ya m'bukumo ikuyankhula ngati mphunzitsi wa Chingerezi. Adati mkazi wa mwini nkhani akungophika ndi kulira, sakumveka kuti ndi munthu woganiza. Kumapeto adalemba kuti ndikakonza zimenezi adzakondwa kulionanso. Mzere umenewo maso anga adaudumpha. Chimene ndidaona ndi mawu akuti "sitingathe" basi. Usiku womwewo, nyali ikufuka utsi, ndidamuyankha. Ndidati ali ndi nsanje. Ndidati amakondera akwawo. Ndidati tsiku lina adzagula buku langa ndi ndalama zake n'kuchita manyazi. M'mawa ndidaponya kalatayo ku positi ndikudzimva mwamuna.

Sadayankhe.

Padatenga nthawi kuti ndimvetse chimene ndidataya. Mkonzi wotanganidwa salembera tsamba lonse munthu amene alibe naye chiyembekezo. Oterewo amangowatumizira mizere iwiri yofanana kwa onse. Uja adandipatsa madzulo ake athunthu, kwaulere, n'kundisiyira chitseko chotsegula, ine n'kuchimenyetsa ndekha. Ndipo zitatu zonse adanenazo zidali zoona. Patapita zaka ndidalemba buku lina, labwinopo, n'kulitumiza ku kampani ina. Sindinkadziwa kuti mkonzi uja adasamukira komweko. Lidabwerera ndi mizere iwiri ija. Tidakumana pambuyo pake pa msonkhano wa alembi. Adandipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Ndimakukumbukani, bambo." Sadaonjezere kanthu. Ndidapepesa, iye adati zidatha kalekale, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwake zidathadi. Koma buku langa sadaligwirenso. Pepani sapoletsa chilonda.

Anthu a mabuku ndi ochepa, mwana wanga. Ochepa kwambiri. Mkonzi wa lero ndiye woweruza mpikisano wa mawa, ndiyenso adzafunsidwe mkuja kuti, "Kodi uyu mumamudziwa?" Amadyera limodzi, amakambirana. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo ine mlomo wanga udali papepala limodzi, m'dirowa imodzi. Wako udzakhala pa Facebook, anthu adzaujambula, udzazungulira m'magulu a WhatsApp ngakhale utaufufuta. Ukakanidwa, zimitsa foni. Lira ngati ukufuna kulira. Uza mnzako mmodzi pakamwa. Ukadzuka, ngati kalatayo inali ndi malangizo, lemba kuti zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Ngati inali ya mizere iwiri, usayankhe n'komwe, ndipo usafunse zifukwa.

Udzamva nkhani zolimbikitsa, ndipo n'zoona. Buku loyamba la Harry Potter lidakanidwa ndi makampani 12 Bloomsbury isanalitulutse mu 1997. Marlon James wa ku Jamaica, amene adapambana mphoto ya Booker mu 2015, adanena yekha kuti buku lake loyamba lidakanidwa ka 78. Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga idakanidwa ndi osindikiza a kwawo ku Zimbabwe, n'kukatuluka ku The Women's Press ku London mu 1988. Akonzi amaphonya, inde. Koma usamadye nkhani zimenezi ngati mankhwala oletsa kumva. Mabuku ambiri okanidwa amakanidwa chifukwa sadapse. Langa lidali losapsa. Anthu atatu osadziwana akaloza malo amodzimodzi m'buku lako, pamenepo pali chilonda.

Mtima wopwetekedwa ndiwo umene akamberembere amasaka. Ine atandikana muja ndidapeza munthu wina amene adati buku lomwe lija n'lodabwitsa, silikusowa kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Mawu amenewo ndiwo ndinkafuna kumva. Adangopempha kandalama ka wowerenga, kenaka ka mkonzi, kenaka ka mapepala. Ndidagulitsa chimanga cha chaka chimenecho. Ndidalandira makatoni a mabuku omata mokhota, zolakwika zanga zonse zili momwemo, dzina langa pachikuto litaperewera chilembo. Sitolo sizidawalandire. Adakhala kunsi kwa bedi mpaka chiswe chidawapeza, ndipo kunyumba kwathu chaka chimenecho tidagula ufa wa pamsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho gwira ichi: ndalama zimachoka kwa wosindikiza kupita kwa wolemba. Wosindikiza weniweni amaika ndalama zake pa buku lako, n'chifukwa chake amasankha mosamala. Ejenti weniweni salipiritsa kuwerenga, amadya iwe ukadya. Wokutamanda lero n'kukutumizira nambala yolipirira mawa, mthawe. Sindikunyoza kudzisindikizira wekha. Alembi ambiri kuno amatero, ndipo ndi njira yolemekezeka: umalipira mkonzi, umalipira mwini makina, mabuku onse ndi ako, phindu ndi lako, kugulitsa ndi kwako. Pamenepo ukudziwa chimene wagula. Choipa ndi munthu wotenga ndalama zako ndi umwini wa buku lako pamodzi.

Tsiku lina adzakuvomera. Usaganize kuti mwambo wathera pomwepo. Zolemba zako zidzabwerera zitafiira ndi inki. William Golding adali mphunzitsi wa sukulu pamene adatumiza buku lake ku Faber and Faber mu 1953, litakanidwa kale kwina kambiri, lili ndi dzina lakuti Strangers from Within. Wowerenga woyamba kumeneko adalikananso. Mkonzi wachinyamata, Charles Monteith, adalitola pa mulu wa zokanidwa, n'kupempha kuti chiyambi chonse chofotokoza za nkhondo chichotsedwe. Golding adavomera. Dzina nalo lidasintha, ndipo mu 1954 lidatuluka ngati Lord of the Flies. Mwini wake adalandira mphoto ya Nobel mu 1983. Sindikuti uzivomera zonse. Pali zina zoti uziimirire, makamaka mkonzi wakunja akafuna kuti ufotokoze nsima ngati kuti ukupepesa, kapena kuti uchotse mwambi chifukwa iye sadaumve. Kana, koma kana ndi zifukwa, ndime ndi ndime, mawu ali pansi. Ndipo tsiku limene walonjeza kubweza zokonzazo, bweza. Ukaona kuti sukwanitsa, nena kusadafike, chifukwa kumbuyo kwako kuli wojambula chikuto, wowerenga zolakwika ndi a makina, onse akudikira iwe.

Kontirakiti usasaine uli chiimire, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Pempha kupita nayo kunyumba. Werenga mzere uliwonse, ndipo uionetse kwa wodziwa: loya, mlembi amene adasainapo, kapena a bungwe la alembi la Malawi Writers Union. Funsa kuti gawo lako akuwerengera pa mtengo uti. Buku likamagulitsidwa K10,000, gawo la 10 peresenti pa mtengo wa pachikuto ndi K1,000. Koma ngati akuwerengera pa ndalama zimene kampani yalandira, mwini sitolo atachotsapo kale K3,000 yake, iwe ulandira K700. Funsa kuti azikuonetsa kangati pachaka chiwerengero cha mabuku ogulitsidwa. Funsa kuti ukuwapatsa ufulu wa maiko ati, kwa zaka zingati, ndiponso ngati zomasulira, sewero la pa wailesi ndi filimu zili momwemo. Zimene sangazigwiritse ntchito usawapatse. Onetsetsa kuti mwalembedwa kuti bukulo likatha pamsika ndipo iwo sakulisindikizanso, ufulu wonse ubwerere kwa iwe. Kufunsa zimenezi si mwano, wosindikiza wachilungamo amayankha osakwinya nkhope. Koma akakuuza kuti pepalali silituluka muofesi muno, saina pompano kapena mwayi upite kwa wina, mubwezere cholembera chake, umutsanzike bwinobwino, unyamuke.